Zotsala pomanga ndi pogumula: tizipititse kuti?

Mvula ikangokata, dera la Chigumula limasanduka malo a ntchito. M'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo, ngakhalenso m'tinjira tolowera m'makomo, timaona milu ya mchenga, miyala ya kwale, njerwa ndi mabuloko a simenti. Uyu akukumba maziko, uyo akuwonjezera chipinda cha anyamata, winayo akuchotsa malata odontha kapena kugumula khitchini yakale kuti amange yamakono. Zonsezi n'zokondweretsa chifukwa banja lililonse limafuna pogona pabwino. Koma paja akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna nyumba yatsopano wafunanso mulu wa zidutswa za njerwa, pulasitala wogumuka, matumba a simenti, zitini za penti, misomali yopindika ndi magalasi osweka.

Mabanja ambiri akamawerengera ndalama zomangira amalemba simenti, malata, matabwa ndi malipiro a amisiri, koma mzere wa zotsala sukhalapo. N'chifukwa chake mulu uja umakhala pabwalo mpaka mvula ina, ana n'kumasewerapo, kapena umapatsidwa kwa mnyamata wa wilibala kuti akaone kochita nawo kukada. Mwezi uno tiyeni tikambirane za zotsala zimenezi pamodzi ndi zinyalala za tsiku ndi tsiku, monga mabotolo, zitini, makatoni ndi majumbo. Tione chilichonse komwe chiyenera kupita, komanso amene amavulala tikachitaya molakwika.

Kukula kwa vutoli

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu opitirira pang'ono 800,000. Tingoyerekeza kuti munthu aliyense amataya theka la kilogalamu patsiku. Ndiye kuti mzindawu ukutulutsa matani 400 tsiku lililonse, katundu wofuna maulendo oposa 55 a lole ya matani 7, osawerengera za m'mafakitale ndi zogumula. Galimoto za khonsolo sizingafike khomo lililonse, makamaka m'madera a kumalire ngati kwathu kuno komwe nyumba zikumera msanga kuposa misewu.

Zinyalala zomwe khonsolo ndi makampani otola zinyalala amanyamula zimapita kumtaya wa ku Mzedi, kufupi ndi Kachere, chakumsewu wa ku Zomba. Kumeneko zimangokhuthulidwa pamtunda zosakanikirana: zakudya zowola, mapulasitiki, magalasi, matewera. Moto umabuka, utsi n'kumalowa m'midzi yoyandikana nayo. Komanso kuli anthu, ena mwa iwo amayi ndi ana, amene amapeza chakudya cha tsikulo pofukula muluwo ndi manja kufunafuna zitsulo ndi mabotolo ogulitsa. Galasi losweka lomwe taponya m'thumba osalikulunga limakathera m'dzanja la mmodzi wa iwo.

Mu Malichi 2023, World Bank idavomereza thandizo la madola 145 miliyoni a ku America lotukulira ntchito za madzi ndi ukhondo mumzinda wa Blantyre, kudzera ku Blantyre Water Board ndi khonsolo ya mzindawu. M'mapulani a ntchitoyi muli malo atsopano osankhulira ndi kutayira zinyalala ku Chigumula konkuno. Nkhaniyi ikutikhudza pawiri. Choyamba, ndife amene tidzayandikane ndi malowo, ndiye tili ndi chifukwa chofunira kuti zopita kumeneko zikhale zochepa ndi zosaopsa. Chachiwiri, malo osankhulira zinyalala amayenda bwino ngati zinyalalazo zafika zitapatulidwa kale kunyumba. Katoni yomwe yanyowa ndi msuzi wa dzana sigulitsika, ndipo palibe makina amene angaibwezere mwakale.

Abale athu amene akhalako ku Johannesburg amasimba za malo a Pikitup, komwe munthu amapita ndi galimoto yake n'kutsitsa nthambi za mitengo apa, mapepala apo, zitsulo uko. Kwathu kuno malo olandirira zinthu alipo, kungoti ndi omwazikana ndipo alibe zikwangwani. Ndi okala yomwe imalandira mabotolo opanda kanthu, mayi wogula zigubu pamsika wa Limbe, bambo wa sikelo wogula zitsulo zakutha, mmisiri wokhoma mbaula ku Ndirande, mnansi amene akusowa zokwirira maziko, ndiponso nkhuti ya kuseri kwa nyumba yathu. Ntchito yathu ndi kudziwa kuti ichi n'cha uku, icho n'cha uko.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Pa Levitiko 14 pali malangizo a nyumba yomwe makoma ake agwidwa ndi nthenda. Miyala yochotsedwa ndi zopalidwa kukhoma sizinkaloledwa kuunjikidwa pakhomo kapena panjira. Zinkayenera kupita kumalo opatulidwira zimenezo kunja kwa mudzi. Mfundo yake ikadali yomweyo lero: wokonza nyumba ndiye mwini zotsala zake kufikira zitafika pamalo oyenera.

Mulu woyamba: zowola

Gawo lalikulu la zinyalala za m'makomo mwathu ndi zowola: makoko a nthochi ndi mbatata, zotsala za masamba, zitsononkho, masamba a mitengo, udzu wotchetcha. Izi siziyenera kutuluka pampanda. Kumbani nkhuti ziwiri zoyandikana, kutali ndi chitsime ndi khitchini. Muziponya zowola m'nkhuti imodzi, n'kumawaza dothi pang'ono kapena phulusa pamwamba kuti ntchentche zisaswane. Ikadzaza, ikwirireni n'kuyamba inayo. Mukamatembenuza ndi kuthirira pang'ono m'chilimwe, pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumakhala ndi manyowa a dimba. Amene amapanga manyowa a Mbeya akudziwanso kuti phulusa ndi madeya si zotaya. Akazisakaniza ndi ndowe ndi feteleza pang'ono, pakatha masiku 21 amakhala ndi zothira m'munda. Pamtengo womwe thumba la feteleza lafika, kutaya zowola n'kutaya ndalama.

Chofunika n'chakuti m'nkhutimo musalowe jumbo, mabatire kapena galasi. Zimenezi siziwola, ndipo tsiku lofukula manyowa zidzakuchekani kapena kuwononga dothi.

Mulu wachiwiri: zogulitsika

Mabotolo agalasi a zakumwa zoziziritsa kukhosi amabwerera kuokala. Mabotolo ndi zigubu zapulasitiki zili ndi msika kwa ogulitsa thobwa, mafuta ophikira ndi sopo wamadzi. Zitsukeni, ziumitseni, zisungeni m'thumba limodzi ndi zivindikiro zake. Makatoni ouma amafunidwa ndi ogulitsa katundu ndi oweta anapiye. Zitini, malata akutha, mafelemu a mawindo, zidutswa za zitsulo za konkire ndi mapoto obooka zimagulidwa pakilogalamu, ndipo amisiri amazisandutsa mbaula, ndowa, mahinjesi ndi mapoto atsopano. Aluminiyamu ndi mkuwa zimakhala ndi mtengo woposa chitsulo wamba, choncho zipatuleni musanapite pasikelo. Wailesi, foni kapena ayironi yakufa ipite kwa okonza zamagetsi, amene amachotsamo zipangizo zothandiza. Matayala akale amasanduka malegeni omangira katundu panjinga, kapena mungawadzaze dothi n'kubzalamo masamba. Chosayenera ndi kuwasiya chagada kuti azisunga madzi a mvula, chifukwa udzudzu umaswana mmenemo.

Pa zitsulo pali chenjezo limodzi. Malonda amenewa ndi omwe amachititsa kuti mawaya a magetsi, mipope ya madzi ndi zivindikiro za ngalande zizibedwa. Tigulitse zochokera panyumba pathu zokha, ndipo mwana akabwera ndi chitsulo chosadziwika kochokera, timufunse bwinobwino tisanayamikire khama lake.

Mulu wachitatu: zomangiranso

Kugumula kuli ndi luso lake. Mmisiri wofulumira amamenya khoma ndi hamala yaikulu, zonse n'kukhala zidutswa. Wodekha amayambira pamwamba, n'kumachotsa mzere umodziumodzi. Nyumba zambiri zakale zidamangidwa ndi matope kapena simenti yochepa, kotero njerwa zake zimatuluka zathunthu ndipo zimangofuna kupalidwa. Tizikumbukira kuti njerwa iliyonse yootcha idadya nkhuni. Mu 2018 boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi nyumba zamalonda, chifukwa mauvuni a njerwa adathandizira kumeta mapiri athu. Njerwa yakale ikabwerera pakhoma, ndiye kuti mtengo wina wapulumuka.

Zidutswa zenizeni nazo zili ndi ntchito. Zimakwirira maziko musanathire konkire, zimadzaza dzenje lomwera madzi a kubafa, zimalimbitsa njira yolowera galimoto. Matailosi osweka amayalidwa pakhonde kapena pochapira n'kukongola ndithu. Mchenga ndi kwale zotsala mnansi angagule kapena kusinthanitsa. Zitseko, mafelemu ndi malata abwinoko zimamanga khola la nkhuku kapena bafa ya panja. Ndipo pafupifupi dera lililonse lili ndi maenje omwe adatsala poumba njerwa. M'dzinja maenjewa amadzaza madzi, udzudzu wa malungo umaswana mmenemo, ndipo ana ang'onoang'ono amatha kumira. Mukagwirizana ndi mwini malo komanso amfumu, zidutswa zoyera za njerwa ndi konkire zingatseke dzenje lotere. Tikuti zoyera, kutanthauza zopanda mapulasitiki, zitini za penti kapena asibesitosi.

Anthu ena amathira zidutswa m'maenje a mumsewu wa fumbi, ndipo cholinga chimakhala chabwino. Koma ziphwanyeni zikhale zazing'ono, chotsani misomali ndi mawaya, salazani n'kutsendera. Mulu wongokhuthulidwa pakati pa msewu umaphulitsa matayala, umagwetsa akabaza, ndipo mvula yoyamba imaukokolera m'ngalande.

Matabwa onse achotsedwe misomali tsiku lomwelo. Msomali woyang'ana kumwamba pabwalo lomwe ana amayenda opanda nsapato ndi njira ya kafumbata, matenda oumitsa thupi amene tizilombo take timakhala m'dothi ndipo timakonda bala lakuya. Wina akabayidwa, tsukani balalo ndi madzi ndi sopo, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone ngati akufunika jakisoni.

Mulu wachinayi: zoopsa

Mulu uwu ndi waung'ono kuposa yonse, koma ndi umene ungatilowetse m'chipatala.

Asibesitosi. Nyumba zambiri zakale za m'tauni zidafoleredwa ndi malata okhuthala otuwa a simenti yosakaniza ndi asibesitosi, ndipo ena amapezeka m'siling'i ndi m'mipope yakale. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa. Akakhala wathunthu padenga, osasokonezedwa, chiopsezo chake chimakhala chochepa. Vuto limayamba akaswedwa, kuchekedwa, kubooledwa kapena kupalidwa, chifukwa amatulutsa timaulusi tosaoneka ndi maso timene timakhazikika m'mapapo. Matenda ake amaonekera patapita zaka 20, 30 kapena kuposerapo, moti mnyamata wothandiza amisiri lero angadzadwale ali ndi banja lake, osadziwa komwe adawatenga. Ngati n'kofunikadi kuchotsa denga lotere, linyowetseni kaye, masulani mabauti m'malo moswa, tsitsani lililonse lathunthu osaponya pansi, ndipo likulungeni m'pulasitiki yokhuthala. Fumbi lake lisasesedwe louma, lipukutidwe ndi nsalu yonyowa. Kansalu wamba kotseka pakamwa sikaletsa timaulusi timeneti. Zidutswa zake zisathiridwe mumsewu, pomwe matayala adzazipera n'kukhala fumbi la mudzi wonse, ndiponso zisakhale zotsekera khola kapena zoyanikapo ufa. Musanayambe ntchitoyo funsani ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ku Civic Centre, ku Chichiri, kapena ku Malawi Environment Protection Authority, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, kuti akuuzeni kokataya.

Penti. Pakati pa 2020 ndi 2021, bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidayeza penti wogulitsidwa m'Malawi muno ndipo lidapeza mtovu wochuluka m'mitundu ina ya penti wa mafuta. Malawi Bureau of Standards idachitapo kanthu, koma penti amene adapakidwa kale pazitseko, m'mawindo ndi pazitsulo zotchingira akuba akadali pomwepo. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, umachepetsa nzeru za m'kalasi, ndipo zowonongekazo sizibwerera. Palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene madokotala amati ndi wabwinobwino. Choncho popala penti wakale, ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali. Nyowetsani popalapo, yalani pepala pansi kuti zopalidwazo zisagwere m'dothi, kenako kolopani. Penti wotsala m'chitini mupatseni wina womufuna, kapena musiyeni aume gwaa musanataye chitinicho. Thina wotsukira maburashi asathiridwe m'ngalande. Mukamusiya m'botolo lotseka, zinyalala zimakhala pansi ndipo wapamwambayo amagwiranso ntchito. Ndowa ya penti wa madzi yotsukidwa bwino ingathandize pochapa kapena kuthirira maluwa, koma si yosungiramo madzi akumwa, ufa kapena thobwa.

Matabwa a mankhwala. Matabwa obiriwira omwe adanyikidwa m'mankhwala oteteza chiswe, mapolo akuda onunkha phula, ndi matabwa opakidwa penti kapena oyilo wakutha, si nkhuni. Ena mwa mankhwalawa ali ndi arsenic, poizoni amene amatuluka muutsi ndi kutsalira m'phulusa. Tikudziwa kuti makala akwera mtengo ndipo mulu wa matabwa umakopa, koma nsima yophikidwa pamoto wotere ndi yodula kuposa thumba la makala. Phulusa lake lisapitenso kudimba.

Mabatire ndi mababu. Batire ya galimoto kapena ya sola ili ndi mtovu ndi asidi. Isatsegulidwe pakhomo, asidi wake asakhuthulidwe pansi. Ipite yathunthu kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akutha. Mabatire a tochi asaponyedwe pamoto kapena kupatsidwa kwa ana kuti aswe. Timabatire tozungulira ta m'mawotchi n'toopsa kwambiri mwana akameza, chifukwa timawotcha kummero m'maola ochepa. Mababu aatali a chubu ndi aja opotana ali ndi mercury. Asungeni m'katoni osasweka, ndipo limodzi likasweka tsegulani mawindo, tulutsani ana, tolani zidutswa ndi katoni yolimba osati ndi manja.

Zigubu za mankhwala. Chigubu chomwe mudali mankhwala a mbewu, a chiswe kapena a makoswe chisasanduke cha madzi, mchere kapena mafuta, ngakhale chitatsukidwa kangati. Chitsukuluzeni katatu, madziwo muwathire m'sipuleya momwemo, kenako chiboole kuti wina asachitole. Ofesi ya Pesticides Control Board ili ku Bvumbwe, pafupi ndi ife, ndipo ndi koyenera kufunsa za mankhwala otha ntchito. Ngozi inanso imabwera chobwerera: parafini, thina kapena mankhwala zikathiridwa m'botolo la chakumwa. Mwana wa zaka ziwiri amadziwa botolo, sadziwa zam'katimo. Ana otere amafika ku Gulupu akubanika. Zikachitika, musamusanzitse, chifukwa parafini akabwerera amalowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botololo. Mankhwala a kuchipatala otsala kapena otha ntchito, pamodzi ndi majakisoni a odwala shuga, asapite kudzala. Majakisoni asonkhanitsidwe m'chigubu cholimba chotseka, ndipo funsani kuchipatala kapena kufamase komwe mudalandira kuti akuuzeni kowapereka.

Mulu wachisanu: zotsala zenizeni

Tikachotsa milu inayi ija, zotsala zimakhala zochepa modabwitsa: majumbo ong'ambika, timapepala ta masiwiti ndi sopo, matewera otaya, nsanza, magalasi osweka. Izi ndizo zoyenera galimoto ya khonsolo, kampani yotola zinyalala yomwe banja lagwirizana nayo, kapena bini yaikulu yachitsulo ya khonsolo. Galasi likulungidwe m'katoni n'kumangidwa. Thewera lichotsedwe chimbudzi, chimbudzicho chipite kuchimbudzi, kenako limangidwe m'jumbo kuti agalu asalimwaze. Matewera, mabotolo ndi zidutswa zisaponyedwe m'chimbudzi chokumba. Zimachidzaza msanga, ndipo tsiku lopopa zimatseka mapaipi, mtengo n'kukwera. Mabini a pamsika nawo si a zogumula. Wilibala zingapo za konkire zimadzaza malo omwe akadalowa zinyalala za msika wonse, zotsalazo n'kumaunjikana pansi pafupi ndi ogulitsa tomato.

Njira yabwino koposa ndi kuchepetsa mulu umenewu usanafike pakhomo. Malamulo a 2015 adaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Makampani ena adakatenga ziletso kukhoti, koma pa 31 Julayi 2019 khoti la Supreme lidagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Milandu idapitirira ndithu mpaka kumayambiriro kwa 2025 pomwe khoti lalikulu lidakananso pempho la makampaniwo. Mmodzi mwa omwe adalimbikira nkhondoyi, mayi Gloria Majiga-Kamoto, adayamba ataona mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya majumbo, ndipo mu 2021 adalandira mphoto ya Goldman. Makhoti adachita mbali yawo. Mbali yathu ndi dengu, chikwama cha nsalu kapena kambale kovindikira popita kumsika.

Moto ndi ngalande si mtaya

Madzulo ambiri utsi wa zinyalala umakuta makomo athu, ndipo m'mawa ena amakolezera mbaula ndi jumbo. Pulasitiki ikapsa pamoto wa panja siitha. Imasanduka utsi wokhala ndi mankhwala oipa, ndipo mapaipi a PVC ndi makoko a mawaya amatulutsa ena oopsa kwambiri otchedwa dioxin, amene amakhalitsa m'dothi n'kulowa m'mazira a nkhuku zotola pabwalo. Woyamba kupuma utsiwo ndi mayi wowerama pambaula ndi khanda lomwe lili kumsana kwake, kenako agogo a mphumu a nyumba yoyandikana. Ife amene timaphunzitsa ana athu kupewa fodya tisawapatse utsi wina pakhomo pomwe. Zitsononkho, timitengo touma kapena pepala zimakoleza moto bwinobwino.

Ngalande nayo ili ndi ntchito imodzi yokha, kudutsa madzi. Mzinda wathu ndi wa zitunda ndi zigwa, ndipo chilichonse chotayidwa kumtunda chimatsikira kwa wina. Zidutswa zimatseka kalavati, majumbo n'kumata mipata yotsala, madzi n'kusefukira m'nyumba za kumunsi ndi m'zimbudzi, kenako m'zitsime. Zina zimakathera mu Mudi, Naperi ndi mitsinje ina momwe anthu amachapa ndi kuthirira masamba omwe timagula. Tonse tikukumbukira kolera yomwe idayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Tikukumbukiranso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi maliro a ku Chilobwe. Mvula ya mphamvu choncho palibe ngalande yomwe ikadaikwanitsa. Koma mvula wamba ya chaka ndi chaka ngalande yotseguka imaikwanitsa, pomwe yotsekeka imasandutsa mvula ya ola limodzi kukhala chigumula cha pakhomo pa mnansi.

Pangano lisanayambe ntchito

Nthawi yabwino yokambirana za zotsala ndi pomwe mukugwirizana mtengo ndi mmisiri, osati ntchito itatha. Gwirizanani zinthu zinayi. Kodi zochotsedwa, monga malata ndi zitseko zakale, n'zandani? Milu idzaikidwa pati, kuti isatseke njira kapena ngalande? Adzalipira zonyamula ndani? Ndipo zidzapita kuti? Sungani kagawo ka malipiro kufikira pamalo patayera.

Mukabwereka lole kapena pikapu, musakhutire ndi mawu akuti, "Musadandaule bwana, tikudziwa kotaya." Funsani dzina la malowo. Ngati ndi kwa munthu wofuna zokwirira, lankhulani naye. Ngati ndi kumtaya, yambani mwafunsa kukhonsolo za chilolezo ndi malipiro ake, ndipo wina wa pabanja akwere nawo. Mtengo wotsika kwambiri kawirikawiri umatanthauza ulendo waufupi wothera pamlatho kapena papuloti ya munthu amene sadayambe kumanga. Dalaivalayo akachoka, zidutswazo zimakhalabe zathu, ndipo mwini puloti kapena wokhala kumunsi kwa mlathowo ndiye amalipira ndalama yomwe ife tapulumutsa. Katundu afunditsidwe ndi lona kuti fumbi ndi mapepala zisamwazike mumsewu, ndipo onyamula apatsidwe magolovesi ndi nsapato zolimba. Waganyu nayenso ndi mwana wa munthu.

Nthawi yake

Mu Novembala 2020, Pulezidenti Lazarus Chakwera adakhazikitsa tsiku losesa m'dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse masana. Kwa ife, Lachisanu ndi tsiku lokonzekera kale, ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko. Sitiyenera kusankha pakati pa kuthandiza mudzi ndi kulandira Sabata mwamtendere. Ntchito zolemera, monga kusankhula zogumula, kupita kusikelo ndi kufukula ngalande, zichitike Lamulungu kapena mkati mwa mlungu, kuti Lachisanu kutsale kusesa kokha. Mabanja angapo oyandikana angasonkherane lole imodzi m'malo moti aliyense avutike payekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Achinyamata a Pathfinder angatolere mabotolo ndi zitini za mabanja a mumpingo n'kugulitsa pamodzi, ndalamazo n'kuthandiza pa msasa wawo, bola akuluakulu aonetsetse kuti mulu wa zoopsa ana sakuukhudza.

Poyambira sipafuna ndalama. Pezani matumba atatu akale, muwapachike pamalo ouma kuseri kwa khitchini: la mabotolo ndi zigubu, la zitini ndi zitsulo, la mapepala ndi makatoni. Onjezani chitini chovindikira cha mabatire ndi misomali, muchiike pamwamba posafika ana. Kumbani nkhuti ya zowola. Ndipo ngati pabwalo pali mulu wa zogumula womwe wakhala kuyambira chaka chatha, uyambeni Lamulungu likubwerali, njerwa zathunthu mbali iyi, zidutswa mbali iyo, mvula ya Novembala isanaupeze.